Mitu Iwiri Yomaliza

Kuseri kwa laibulale ya mumzinda, mukadutsa mashelefu a nyuzipepala zakale n'kutsika masitepe anayi, kuli kachipinda konunkha guluu ndi fumbi. M'menemo munkagwira ntchito mayi wina amene aliyense ankangomutchula kuti Womata. Buku likathyoka msana, likathothoka masamba, kaya mwana walitafuna pakona, linkatsikira kwa iye. Ankalimasula lonse, n'kulisokanso ndi singano yokhota ndi ulusi wopaka sera, n'kulimata chikuto china, n'kuligoneka masiku awiri pansi pa chitsulo chopanikizira. Pobwerera pa shelefu linkaoneka ngati silinadwalepo. Pa ntchito imeneyi panalibe womuposa, ndipo mwini wakeyo ankadziwa zimenezo, mwinanso mopitirira muyeso.

Bambo wa pa kauntala, amene anzake anamupatsa dzina loti a Chidindo chifukwa ankadinda chilichonse choima pafupi naye, ndiye ankatsitsa mabukuwo m'mawa uliwonse.

"Adokotala, odwala atatu awa," ankatero. "Uyu wagwera m'bafa. Awiriwa ndi ukalamba basi, musadzivute nawo kwambiri."

Mabuku ena sankabwereranso pa shelefu. Akatha zaka osabwerekedwa, kapena laibulale ikalandira atsopano a mutu womwewo, a Chidindo ankawadinda kuti achotsedwa, ndipo wantchito aliyense anali ndi ufulu wotola amene wawakonda asanapite kokagayidwa. Womata ankatola a ana ndi a achinyamata, n'kumapita nawo kwa mwana wake. Mpaka pamenepa palibe mlandu. Mlandu unali pa zimene ankawachita mabukuwo asanawaike m'chikwama.

Mwanayo anali mmodzi yekha, wamkazi. Bambo ake anamutcha Mafunso, chifukwa kuyambira tsiku limene anaphunzira kuyankhula sanawapatseko mpata wopuma. Bambowo anali wokonza mawaya a magetsi, munthu wokwera mapolo, wanthabwala, wosakhala pansi. Anadwala mwanayo ali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Anagona m'chipatala miyezi itatu, kenaka anabwera kunyumba n'kukhala sabata imodzi akuseka, akudya bwino, akukonza wailesi imene inali isanawonongeke n'komwe. Sabatayo itatha anabwereranso kuchipatala, ndipo sanatulukenso.

Maliro atatha Mafunso anasiya kufunsa. Chimene sanasiye n'kuwerenga, ankadya mabuku ngati chiswe. Tsiku lina Womata anamupeza atakhala pansi kuseri kwa chitseko, kabuku kali pamiyendo, thupi lonse likunjenjemera koma osatulutsa mawu. M'kabukumo munali bambo wina amene anamira mumtsinje. Mwanayo sanadye masiku awiri. Womata anali atangotha miyezi inayi ali wamasiye, mtima uli wotopa kale, ndipo analumbira kuti buku silidzamulizanso mwana wake.

Mayi wina akanangosankha mabuku oseketsa okhaokha, nkhani n'kuthera pomwepo. Koma luso limanamiza mwini wake. Womata anaona kuti mabuku abwino ambiri amakoma mpaka pafupi ndi kumapeto, kenaka wolemba n'kupha kholo la mwana ngati wasowa chochita. Nanga n'kutayiranji buku lonse chifukwa cha masamba khumi? Choncho ankaliwerenga kaye pa nthawi ya chakudya cha masana, ndipo akapeza malo oopsawo ankadula ulusi, n'kuchotsa masambawo, n'kusokanso. Tsamba la zamkatimu ankalichotsa. Poopa kuti manambala a masamba angamuulule, ankameta m'munsi mwa buku lonse ndi chodulira mapepala. Mawu oti "mathero" ankawadula ndi lezala pa tsamba lomaliza n'kuwamata pamene iye wafuna kuti nkhani ithere, mosamala kwambiri moti ngakhale chala sichinkamva kuti pali chigamba.

Anachita zimenezi zaka zisanu. Mwana atasinkhuka Womata analeka, n'kumadziuza kuti tsiku lina adzamufotokozera zonse, adzasekera limodzi. Tsiku lina limenelo tonse timalidziwa, silipezeka pa kalendala.

Lolemba lina masana, Mafunso anatsika masitepe anayi aja podumpha kamodzi, ali m'yunifolomu ya sukulu. Tsopano anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi, wamtali kuposa mayi ake, mafunso ake atabwerera onse ndi ena oonjezera.

"Amayi, siyani kaye guluuyo mumve izi!"

Sukulu yawo inali italandira mabuku ambiri atsopano, ndipo Lachisanu masana inkatsegula chipinda chowerengeramo. Makolo anaitanidwa. Mwa ophunzira onse, mphunzitsi wa chiyankhulo anasankha Mafunso kuti adzaime kutsogolo m'holo ndi kuuza anzake mabuku atatu oyenera kuwerenga: limodzi la nkhani yopeka ya achinyamata, limodzi la nkhani ya m'zithunzi, ndi limodzi la zinthu zoona.

"Ndasankha kale," anatero. "La mtsikana wa pa siteshoni ya sitima, la zithunzi la ozimitsa moto lija, ndi la mbalame zowoloka nyanja. Onse a pa shelefu yathu yapamwamba."

Burashi ya guluu inaima m'malere. Onse atatu anali atadutsa pa tebulo lomweli.

M'buku la mbalame anachotsamo mutu umodzi, wonena kuti theka la mbalamezo zimathera m'madzi ulendo usanathe. M'buku la zithunzi, bambo wozimitsa moto amalowa m'nyumba yoyaka osatulukamo. Womata anachotsa masamba anayi a maliro, n'kutenga tsamba la koyambirira pamene bamboyo wasenza ana ake amapasa pamapewa, n'kulisokera kumapeto. Koma limene linamuopsa kwambiri linali la mtsikana wa pa siteshoni. Bambo a mtsikanayo, wokweza mbendera sitima ikamadutsa, amadwala, amagonekedwa m'chipatala, ndipo m'mutu wa makumi awiri amabwera kunyumba akuseka. Kwa Mafunso buku linkathera pamenepo. Buku lenileni linali ndi mitu ina iwiri, ndipo Womata ataiwerenga zaka zapitazo analira yekha m'kachipindamo, chifukwa zinali ngati wolembayo ankasuzumira pa windo la nyumba yawo.

"Aphunzitsi awaona mabukuwo?" anafunsa Womata.

"Ndangowauza mitu yake. Akuti onse atatu alipo pa mabuku atsopanowo, ndiye anzanga akamva akhoza kukabwereka tsiku lomwelo. Mubwera, eti? Musandiuze za odwala anuwa."

"Ndibwera, mwana wanga."

Mtsikanayo atakwera masitepe, a Chidindo, amene anali ataima pakhomo ndi mulu wa mabuku, analowa n'kukankha chitseko ndi phazi. Nthabwala anazisiya kunja.

"Mayi, ine ndimangodinda zinthu koma si wakhungu. Zaka zija masamba ndinkawaona m'dilowa yanu yapansiyo, sindinanene kanthu poti si mwana wanga. Koma mwanayu akaima pamaso pa sukulu yonse. Akamve kwa inu, asakamvere kwa anthu. Wakutsina khutu ndi mnansi."

"Ndimuuza."

"Liti?"

"Ndati ndimuuza, a Chidindo. Kauntala yanu ili yokha."

Atatsala yekha anatsegula dilowa ija. Womata weniweni sataya tsamba, ndiye masamba onse analipo, a buku lililonse mu envelopu yake, atalembedwa mutu ndi pensulo. Anatulutsa maenvelopu atatu n'kuwaika m'chikwama. Anali ndi masiku atatu athunthu, ndipo nkhaniyo inkafuna mphindi zisanu zokha.

Lachiwiri ataweruka kuntchito anapeza Mafunso akuchapa malaya a yunifolomu pa mpope wa kuseri. Womata anaima pambali pake, chikwama chili pamapewa, n'kuyamba mozungulira ngati munthu wofuna kupempha mchere.

"Bwanji osasankha mabuku atsopanowo? Akalewa anzako akakuseka. Zikuto zake ndi za nsalu ya makatani."

"Nsaluyo ndiye ndimaikonda. Ndiye mukufuna ndikaname, ndikatame buku limene sindinaliwerenge?"

"Ayi, kunama n'koipa."

"Ndiye basi."

Ndipo inalidi basi. Womata analowa m'nyumba kukatereka tiyi, maenvelopu ali momwe analili.

Lachitatu dzuwa lisanalowe, Mafunso anakankhira tebulo pambali, n'kukwera pa kampando, sipuni ili m'manja ngati maikolofoni. Anakhazika mayi ake pa sofa kuti akhale gulu la anthu. Womata anali atabisa maenvelopu pansi pa khushoni, atatsimikiza mtima kuti lero ndi lero. Mwanayo anayankhula bwino zedi, mpaka manja akuthandizira. Anati buku la pa siteshoni waliwerenga kasanu ndi kawiri. Anati mbalame zija zinamuphunzitsa kuti wolimbikira amafika. Pomaliza anatsitsa sipuni, n'kuyang'ana mayi ake mwamanyazi.

"Apa ndiye ndidzakuthokozani inu. Ndidzati mabuku amene anthu anawataya, amayi anga anawapatsa moyo wina. Musadzalire pagulu, mudzandichititsa manyazi."

Dzanja la Womata linali litalowa kale pansi pa khushoni. Linatulukamo lopanda kanthu. Ankafunitsitsa kumva mawu amenewo akunenedwa m'holo yodzaza anthu, ndipo kufuna kumeneko kunamuchititsa manyazi kuposa bodza lenilenilo.

"Ukuthamanga kwambiri," anatero. "Uziyankhula pang'onopang'ono."

Lachinayi kuntchito anasoka buku lina chadodolido, chinthu chimene chinali chisanamuchitikirepo. A Chidindo anangomuyang'ana n'kupukusa mutu. Womata anaganizako zoba mabuku atatuwo n'kubwezeretsa masamba mwachinsinsi, koma Mafunso ankayenda nawo m'chikwama kulikonse, komanso ankawadziwa pamtima. Zikanangokhala mantha ovala luso. Anaganizanso zomuuza mwanayo kuti anamizire kudwala Lachisanu. Maganizo onsewa anamutengera tsiku lonse, ndipo limene linali losavuta, longotsegula pakamwa, analisiyira m'mawa wa tsiku lotsatira.

M'mawamo anaperekeza mwana wake pokwerera basi, chinthu chimene anali atasiya kalekale.

"Mafunso."

"Ee, Amayi?"

Basi inali ikutulukira pa kona. Mtsikanayo anali atapesa bwino, nkhope ili ngwee.

"Kolala yako yapindika."

Anamukonza kolala imene inali yowongoka kale, ndipo basi inanyamuka. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Holo ya sukulu inadzaza. Kutsogolo kunali matebulo awiri ataliatali, mabuku atsopano atayalidwa pamenepo, akununkhabe kufakitale. Ophunzira ena anali atayamba kale kuwavundukula kuyambira m'mawa, makamaka a zithunzi. Womata anakhala pa mzere wachinayi, chikwama atachikumbatira pamiyendo. Mphunzitsi wamkulu anayankhula mpaka anthu kuyamba kuyasamula, kenaka mphunzitsi wa chiyankhulo, mayi wamfupi wovala magalasi, anaitana Mafunso.

Anayamba ndi la mbalame. Anafotokoza mmene timbalame tosakwana m'dzanja timaulukira masiku ambiri pamwamba pa madzi osatera paliponse. Anthu anatchera khutu, chifukwa mwanayo anali ndi pakamwa pa bambo ake.

"Ndipo chodabwitsa n'chakuti tonse timafika," anatero. "Palibe kamene kamatsala m'njira."

Mphunzitsi wa sayansi, amene anali pafupi ndi windo, anakwinya nkhope n'kukanda pamutu, kenaka anangoyang'ana panja. Womata anapuma pang'ono. Mwina zidutsa chonchi.

Pa la zithunzi, Mafunso anakweza buku lake n'kuonetsa tsamba lomaliza, bambo uja atasenza amapasa. Anati amalikonda chifukwa wojambulayo sakutionetsa mmene bamboyo anatulukira m'motomo, amangotisiya tidziganizire tokha. Kumbuyo kunamveka manong'onong'o. Wina anaseka n'kudzitseka pakamwa. Mafunso anayesa kuti akusekera chikuto cha makatani chija, ndipo nayenso anamwetulira.

Kenaka anatenga lachitatu, n'kuligwira ndi manja awiri.

"Ili ndiye la pamtima panga. Mabuku ambiri a achinyamata amangonena za chibwenzi, koma ili likunena za mwana amene bambo ake akudwala. Mtsikanayu amavutika kwambiri. Koma chimene ndimalikondera n'chakuti bambo aja amalimba mtima, amalimbana ndi matendawo, mpaka amachira n'kubwerera kwa mwana wawo."

Pa mzere woyamba mtsikana wina wa kalasi yomaliza anakweza dzanja. Sanali wachipongwe, ankangooneka wosokonezeka.

"Pepani, koma bambo aja amamwalira. Ndinaliwerenga kwa msuweni wanga chaka chatha."

Holo inaphulika ndi phwete. Mafunso nayenso anaseka, kuseka kwa munthu wodziwa chimene akunena.

"Ayi, achemwali, mwasokoneza ndi buku lina. Ili ndaliwerenga kasanu ndi kawiri. Amayi anga ali pompano, amagwira ntchito ku laibulale, ndiwo anandipatsa. Amayi, tawauzani."

Mitu yonse inatembenukira ku mzere wachinayi. Womata anangoweramitsa mutu n'kuyang'ana zipi wa chikwama chake, ndipo kuwerama kumeneko kunayankha zonse.

"Zikomo kwambiri, tiyeni timuombere m'manja," anatero mphunzitsi wa magalasi uja mofulumira, akuyandikira kuti atenge maikolofoni.

Koma Mafunso anali atatsika kale pa nsanja. Anapita pa tebulo, n'kufufuza mpaka anapeza buku latsopano la mutu womwewo. Analiika pambali pa lake. Latsopanolo linali lalitali pang'ono, komanso lonenepa. Analitsegula chakumapeto, n'kupeza mutu wa makumi awiri, n'kutembenuza tsamba pamene iye ankadziwa kuti palibenso kanthu. Panali mutu wina. Anayamba kuwerenga ali chiimire pomwepo, milomo ikugwedera, ngati m'holomo mulibe munthu. Kuseka kunatha, holo yonse inangoti zii.

Mphunzitsi uja anamugwira paphewa n'kumunong'oneza kanthu. Mafunso anatuluka pa khomo la m'mbali, buku la sukululo lili m'manja, ake atatu atawasiya pa tebulo. Mphunzitsi wamkulu anaitana kwaya kuti iyimbe.

Womata anadikira kuti nyimbo ifike pakati, n'kunyamuka mowerama, akupepesa pa mawondo a anthu. Anatola mabuku atatu aja pa tebulo. Anamupeza mwana wake kuseri kwa holo, atakhala pa simenti pafupi ndi thanki ya madzi, akuwerenga. Sanamudule. Anakhala chapatali pang'ono pa simenti yomweyo, dzuwa likumuotcha m'khosi, n'kumamvera masamba akutembenuka. Makolo anatuluka m'holo, magalimoto analira, bwalo linatsala lopanda anthu. Mafunso ankapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kumapitiriza. Atafika pa tsamba lomaliza anatseka bukulo n'kuliika pamiyendo.

"Angati?" anafunsa osamuyang'ana.

"Makumi anayi ndi atatu."

"Ndiye kuti shelefu yonse yapamwamba."

"Yonse. Ndi asanu a yapakati."

Mtsikanayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati akuwawerenga limodzilimodzi m'maganizo. Womata anatsegula chikwama n'kutulutsa maenvelopu aja.

"Masamba onse ndinasunga, mwana wanga, palibe limene ndinataya. Ndikhoza kuwasokanso. Sabata ziwiri zokha, onse adzakhala athunthu, sudzazindikira n'komwe kuti anadulidwapo."

"Ndikudziwa kuti sindingazindikire."

Mawu amenewo anamulasa Womata, ndipo anadziwa kuti anayenera kumulasa. Maenvelopu anawaika pa simenti pakati pawo, ndipo palibe anawakhudza.

"Ndinali ndi masiku atatu oti ndikuuze. Ndinachita mantha. Ndakuchititsa manyazi pamaso pa anzako, ndalakwa kwambiri."

"Za anzangazo musadandaule. Aseka sabata imodzi, kenaka wina adzagwa pa masitepe, adzayamba kuseka iyeyo."

"Ndinkangofuna usalire. Unali kamwana, unakhala masiku awiri osadya. Ndinalibe mphamvu zoonanso zimenezo."

"Ndinkalira ndithu, Amayi. Kungoti ndinkatsegula mpope wa m'bafa."

Ku thanki kunkadontha madzi, ndipo wolondera pageti anali atayamba kuwayang'ana. Kenaka Mafunso anasisita chikuto cha buku latsopanolo ndi chala.

"Mukudziwa zimene zili m'mitu iwiriyi?"

"Ndikudziwa."

"Namwino akumuuza mtsikanayu kuti bambo ake sanachire n'komwe. Akuti ankadziwa kuti akupita, ndiye anachonderera madokotala kuti awalole sabata imodzi kunyumba, akamuone mwana wawo. Kuseka konse kuja ankachita kudzikakamiza." Anatembenuka, n'kuyang'ana mayi ake m'maso kwa nthawi yoyamba. "Abambo anga nawonso ankadziwa?"

Apa panalibe tsamba loti Womata adule.

"Ankadziwa. Madokotala anakana kawiri, kachitatu anachita kusaina okha kuti atuluke. Ululu unali woopsa. Ukatuluka kupita kusukulu ankaluma pilo. Akamva kuti watsegula geti ankandiuza kuti ndiwakhazike tsonga ndi kuwapatsa wailesi ija."

"Simunandiuze."

"Ndinkati ukakula."

"Ndinakula kalekale."

Mafunso sanakweze mawu, ndipo Womata akanakonda akanakuwa. Mtsikanayo anayang'ana kutali, kumene kunali mapolo a magetsi a mumsewu.

"Ine ndinkaona ngati anachira, kenaka n'kungotaya mtima. Poti m'mabuku onse amene ndinali nawo, abambo a anthu ankadwala, ankalowa m'moto, ankasowa, koma ankalimba mpaka kubwerera kwa ana awo. Onse, Amayi, makumi anayi ndi atatu. Ndiye ndinkati anga okha ndi amene sanayesetse. Ndinkati mwina sindinali mwana woti munthu n'kumulimbira. Zaka zisanu ndi zitatu ndakhala ndikuwakwiyira."

Womata anamva ngati simenti yatsetsereka pansi pake. Chaka chilichonse, tsiku la imfa ya mwamuna wake likafika, mwanayu ankakana kupita naye kumanda. Ankati mutu ukumupweteka, ankati ali ndi mayeso. Womata ankayesa kuti ndi chisoni, ndipo ankamusiya, n'kumadziyamikira kuti ndi mayi womvetsa. Buku limene likanamuuza mwanayo zoona linali m'nyumba mwawo zaka zonsezi, mitu yake iwiri ili m'dilowa kuntchito. Anamva chisoni chimene sanachimvepo ngakhale pa maliro, chifukwa imfa ija sanaipange ndi iye, koma izi anazisoka yekha ndi manja ake, mosamala. Madzi akatayika saoleka.

"Ankakukonda kuposa moyo wawo," anatero, misozi ikutsika. "Ndikhululukire, mwana wanga."

Mafunso anaimirira, n'kukutumula siketi yake, n'kuika buku la sukululo m'chikwama chake. Mabuku atatu a makatani aja ndi maenvelopu anawasiya pomwe anali.

"Manda aja ali mzere uti? Ndikufuna ndipite mawa."

"Tipitira limodzi. Ndikapempha kuntchito, a Chidindo akanditsekera kachipindako. Tikagula maluwa pa geti, ndikakuonetsa..."

"Ayi, Amayi. Ndipita ndekha. Mungondiuza mzere wake."

Womata anamuuza mzere wake.